Dziko limene chaka chake chimatha m'masiku anayi

Pa 6 Outubro 1995, mumzinda wa Florença ku Itália, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Genebra ku Suíça, a Michel Mayor, anaimirira pamsonkhano wa akatswiri a nyenyezi n'kulengeza kuti iwo ndi wophunzira wawo, a Didier Queloz, apeza dziko lalikulu limene likuzungulira nyenyezi ina yofanana ndi dzuwa. Chithunzi cha dzikolo analibe. Sanalione ndi maso, ngakhalenso ndi makina awo oonera kutali aja otchedwa telesikopu. Umboni wawo wonse unali manambala olembedwa usiku ndi usiku kwa chaka chathunthu. Mpaka lero palibe munthu amene analijambula dzikolo.

Manambalawonso ankanena zovuta kumeza. Ankati dzikolo ndi chimphona, kulemera kwake kuposa dziko lathu lino kuwirikiza pafupifupi ka 150, koma ulendo wozungulira nyenyezi yake limaumaliza m'masiku 4 ndi maola 5 ndi theka basi. Kumeneko chaka chikayamba Lolemba mbandakucha, pofika Lachisanu dzuwa lili paliwombo chatha kale. Malinga ndi zimene akatswiri ankaphunzitsana masiku amenewo, chimphona chotere sichikanapezeka pafupi choncho ndi nyenyezi. N'chifukwa chake ambiri atamva anayamba akayika.

Nyenyeziyo imatchedwa 51 Pegasi, ndipo dzikolo analitcha 51 Pegasi b.

Nthanda si nyenyezi yeniyeni

Kuti nkhaniyi imveke, pafunika kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene zimaoneka zofanana usiku. Nyenyezi yeniyeni ndi ng'anjo yamoto, imawala yokha. Dzuwa nalonso ndi nyenyezi, kungoti lili pafupi, pamtunda wa makilomita 150 miliyoni. Koma pali zina zimene zilibe moto wawowawo, zimangobweza kuwala kwa dzuwa monga amachitira malata atsopano padenga. Zimenezi ndi maiko ozungulira dzuwa. Ana asukulu amaphunzira pa Chipwitikizi kuti planeta, ena amati pulaneti. Nthanda ija imadzutsa anthu opita kumunda ndi imodzi mwa izo, dzina lake m'mabuku ndi Vénus. Dziko limene tikupondali ndi pulanetinso.

Mapulaneti ozungulira dzuwa alipo 8, ndipo iliyonse ili ndi chaka chakechake, ndiye kuti nthawi imene imatenga kuti izungulire kamodzi. Ya pafupi kwambiri ndi dzuwa, Mercúrio, imatenga masiku 88. Dziko lathu limatenga masiku 365. Yaikulu pa onse, Júpiter, imene kulemera kwake kumaposa dziko lathu ka 318, ili kutali moti imatenga zaka pafupifupi 12. Kuno kwathu dongosolo lake ndi loonekeratu: ang'onoang'ono amiyala ali pafupi ndi dzuwa, zimphona zampweya zili kutali kozizira.

Funso lakuti kodi nyenyezi zinazo nazonso zili ndi maiko awo ndi lakalekale. M'chaka cha 1584 a Giordano Bruno a ku Itália analemba kuti nyenyezi ndi madzuwa ena okhala ndi maiko awo. Koma kuganiza n'kosavuta. Panapita zaka zoposa 400 munthu asanabwere ndi umboni wogwirika.

Chovuta choyamba ndi mtunda. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola, usana ndi usiku osaima, itati ipite kudzuwa ingayende zaka 171. Kuti ikafike ku 51 Pegasi ingayende zaka zoposa 500 miliyoni. Ngakhale kuwala, kumene kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, kumatenga zaka 50 ndi miyezi ingapo kuchokera kumeneko. Kuwala kumene a Mayor ndi a Queloz ankayeza mu 1995 kunanyamuka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanathe. Kumene kunanyamuka mu 1975, chaka chimene Moçambique analandira ufulu, kunali paulendo zaka zonse za nkhondo ndi za mtendere wa 1992, n'kudzafika kuno cha m'ma 2025.

Chovuta chachiwiri ndi kuthobwa m'maso. Dzuwa limawala kuposa Júpiter pafupifupi ka 1,000 miliyoni. Kufuna pulaneti pambali pa nyenyezi yake kuli ngati kufuna kuona koloboyi woyatsidwa pafupi ndi moto wa lupsa paphiri lakutali. Koloboyiyo alipo ndithu, koma moto wam'meza.

Mbuzi m'udzu wautali

Popeza pulanetiyo siioneka, akatswiri anaganiza zoyang'ana nyenyezi imene yaimangirira.

Nthawi ya dzinja anthu amamangirira mbuzi ku kamtengo kuti isalowe m'chimanga cha eni. Udzu ukatalika, munthu woima patali mbuziyo saiona. Koma amaona kamtengo kakuweramira uku, kenaka uko, ndipo amadziwa kuti pali chiweto. Munthu wozolowera angathe kunenanso zambiri. Kamtengo kakamagwedezeka pang'ono, ndi kamwana ka mbuzi. Kakamapindika kwambiri, ndi tonde kapena thole. Ndipo akawerenga nthawi imene kamtengo kamatenga kuti kabwerere mbali imene kanayambira, wadziwa kuti chiwetocho chikuzungulira mofulumira bwanji.

Kuthambo kulibe chingwe, koma kuli mphamvu yokoka, yomwe ija imagwetsa mango pansi. Nyenyezi imakoka pulaneti, nayonso pulaneti imakoka nyenyezi. Choncho pulaneti ikamazungulira bwalo lake lalikulu, nyenyezi nayo imayenda kabwalo kake kakang'ono. Kwa munthu woonera kuno, nyenyeziyo nthawi zina imakhala ikubwera, nthawi zina ikupita. Júpiter amaligwedeza dzuwa motere pa liwiro la makilomita 45 pa ola. Dziko lathu, poti ndi lopepuka, limaligwedeza pa liwiro la masentimita 9 pa sekondi, mayendedwe a kamba.

Nanga liwiro la chinthu chimene chili kutali choncho amaliyeza bwanji? Aliyense amene anaimapo m'mbali mwa msewu wochokera ku Tete kupita ku Zóbuè anamvapo lole ikudutsa ikuliza hutala. Ikamabwera kulira kwake kumakhala kokwera, ikangodutsa kumatsika, chonsecho dalaivala sanasinthe kanthu. Kuwala nako kumachita chimodzimodzi. Kuwala kwa nyenyezi akakupatula m'mitundu yake ngati utawaleza, mumaoneka timizere takuda tambirimbiri, timene timabwera chifukwa cha zinthu monga chitsulo zimene zili mumpweya wa nyenyeziyo. Kamzere kalikonse kali ndi malo ake odziwika. Nyenyezi ikamabwera, timizere tonse timasendera mbali ya mtundu wa buluu. Ikamapita, timasendera mbali yofiira.

Kusenderako n'kochepa zedi. Pa 51 Pegasi kuli ngati kuyeza msewu wa makilomita 5 n'kuzindikira kuti watalika ndi milimita imodzi. Luso lonse lagona pamenepo, ndipo ndi pamenenso anthu ambiri anagwera.

Ena anali atapsa nazo kale

Mu 1963 katswiri wina wa ku América, a Peter van de Kamp, analengeza kuti nyenyezi ya Barnard ili ndi pulaneti. Iwo ankayeza malo a nyenyeziyo pa zithunzi zimene anajambula kwa zaka zoposa 20. Patapita zaka 10, ena anaonetsa kuti kugwedezeka kumene ankakuonako kunkagwirizana ndi nthawi zimene amisiri ankakonza telesikopu yawo. Chimene chinkasuntha ndi galasi la makina.

Mu 1991 a Andrew Lyne a ku Inglaterra nawonso analengeza pulaneti yozungulira nyenyezi yakufa, ya mtundu wotchedwa pulsar. Mu Janeiro 1992 iwo eni anaimirira pamsonkhano ku Atlanta n'kuuza anzawo kuti pulanetiyo kulibe, anaphonya powerengera mayendedwe a dziko lathu lomweli. Anthu anawaombera m'manja chifukwa cha chilungamo chawo. Pamsonkhano womwewo a Aleksander Wolszczan anafotokoza za mapulaneti awiri amene iwo ndi a Dale Frail anapeza pa pulsar ina, ndipo amenewo anali enieni. Koma pulsar ndi chitsa cha nyenyezi imene inaphulika kale. Funso la nyenyezi zamoyo zonga dzuwa linatsala losayankhidwa.

Ku Canadá, a Gordon Walker ndi a Bruce Campbell anatsata nyenyezi 21 kwa zaka 12. Mu 1988 anaona chizindikiro pa nyenyezi yotchedwa Gamma Cephei, koma pambuyo pake anachikayikira n'kuchisiya. Zinadzatsimikizika patapita zaka zoposa 10 kuti pulanetiyo inalipodi. Choncho pofika 1995 ntchito yosaka mapulaneti inali ndi mbiri yoipa mbali zonse ziwiri: ena anaona zimene kulibe, ena anataya zimene anali atagwira m'manja.

Wophunzira anaganiza kuti makina awonongeka

A Mayor anabadwa mu 1942, a Queloz mu 1966. Ankagwira ntchito pa malo oonera nyenyezi a Haute-Provence, kumwera kwa França, pa telesikopu ya galasi la mamita 1.93. Siinali telesikopu yotchuka, panali zina zazikulu kuiposa kutalitali. Chatsopano chinali chipangizo chopatulira kuwala chotchedwa ELODIE, chimene chinkatha kuzindikira kusintha kwa liwiro kwa mamita 13 pa sekondi. Ubwino wake wina unali wakuti kompyuta inkatulutsa yankho usiku womwewo, osadikira miyezi. Pulogalamu ya kompyutayo mbali yaikulu anailemba ndi a Queloz, monga gawo la maphunziro awo aukachenjede.

Anasankha nyenyezi 142 zofanana ndi dzuwa. Poti ankayembekezera zimphona zonga Júpiter, za chaka chotalika, ankadziwa kuti ntchitoyo idzatenga zaka zambiri. A Mayor anapita ku Hawaii kukakhala miyezi ingapo, wophunzira wawo n'kutsala ndi makina.

Kuyambira Setembro 1994, nyenyezi imodzi pa mndandandawo inayamba kuvuta. Lero ikuoneka ikubwera, mkuja ikupita, pa liwiro la makilomita pafupifupi 200 pa ola. A Queloz anafotokozapo kangapo pambuyo pake kuti maganizo awo oyamba sanali a pulaneti ayi. Anachita mantha kuti pulogalamu yawo ili ndi cholakwa, ndipo kuti maphunziro awo athera pomwepo. Kwa kanthawi sanauze munthu. Anafufuza pulogalamu yonse, anayeza nyenyezi zina kuti aone ngati nazonso zikuvina, koma zinali phee. Yovina inali 51 Pegasi yokha, ndipo inkabwereza mayendedwe ake pa masiku 4.2 alionse osaphonya. Atatopa n'kufuna cholakwa, anatumiza fakisi ku Hawaii. Aphunzitsi awo anayankha mochenjera, osakana komanso osavomereza.

Zimene anachita pambuyo pake ndi zimene zinawasiyanitsa ndi ena aja. Sanathamangire kwa atolankhani. Kumayambiriro kwa 1995 nyenyeziyo inalowa mbali ya dzuwa, moti kwa miyezi ingapo sikunali kotheka kuiyeza. Iwo anatenga manambala amene anali nawo n'kuwerengeratu kuti ngati ilidi pulaneti, ndiye kuti nyenyeziyo ikadzatulukanso mu Julho, usiku wakutiwakuti idzakhala ikubwera pa liwiro lakuti, usiku wotsatira lakuti. Chinthu chongochitika mwangozi, kaya vuto la makina, sichikanasunga nthawi kwa miyezi yonseyo. Julho atakwana, awiriwo anabwerera ku Haute-Provence n'kuyeza usiku wotsatizana. Manambala anagwera ndendende pamene anawerengera.

Kumapeto kwa Agosto anatumiza zimene anapezazo ku magazini ya sayansi yotchedwa Nature, imene inazisindikiza pa 23 Novembro 1995.

Mboni zina

Mlandu sutha ndi mboni imodzi. Ku Califórnia kunali akatswiri awiri, a Geoffrey Marcy ndi a Paul Butler, amene ankasaka mapulaneti kuyambira 1987 pa malo otchedwa Lick. Atamva za ku Florença analozetsa telesikopu yawo pa 51 Pegasi kwa usiku unayi, ndipo anapeza kugwedezeka komweko, pa nthawi yomweyo. Makina ena, anthu ena, dziko lina, yankho limodzi. Chowawa kwa iwo chinali chakuti m'makompyuta awo munali kale manambala a nyenyezi zambiri amene anali asanawasanthule, poganiza kuti palibe chofulumirira popeza chimphona chimatenga zaka. Atabwerera ku manambalawo, mu Janeiro 1996 analengeza mapulaneti ena awiri.

Komabe otsutsa sanathe. Mu 1997 katswiri wa ku Canadá, a David Gray, analemba m'magazini yomwe ija ya Nature kuti pa 51 Pegasi palibe pulaneti. Iwo anati nyenyeziyo imangofufuma ndi kuphwa yokha, ngati chifuwa cha munthu wopuma, ndipo zimenezo ndi zimene zikusuntha timizere tija. Sikunali kutsutsa kwa nsanje, linali funso loyenera kufunsidwa. Magulu angapo anayezanso mosamala, a Gray nawonso anayezanso, ndipo mu 1998 analemba kuti chizindikiro chimene anadalira sichikuonekanso, pulaneti ndiyo ikufotokoza bwino manambalawo.

Umboni umene unatseka pakamwa otsala unabwera mu 1999, kuchokera ku nyenyezi ina ya m'chigawo chomwecho cha thambo, yotchedwa HD 209458. Kugwedezeka kwake kunkasonyeza chimphona cha chaka cha masiku 3 ndi theka. Mwamwayi, njira ya chimphonacho imadutsa pakati penipeni pa nyenyeziyo ndi ife. Akatswiri anawerengeratu ola limene chidzadutse, ndipo pa ola lomwelo kuwala kwa nyenyeziyo kunachepa pang'ono, ndi magawo osakwana 2 pa 100, kwa maola ngati atatu, kenaka n'kubwerera. Kameneka kanali kadamsana kakang'ono. Mbuzi ija inali itadutsa poyera, ndipo mthunzi wake unaonetsa kuti ndi yaikulu kuposa Júpiter koma yopepuka, ndiye kuti yampweya.

Kumeneko kuli bwanji?

Pulaneti ya 51 Pegasi b ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 8 miliyoni kuchokera ku nyenyezi yake. Mercúrio, amene timati ali pafupi ndi dzuwa, ali pa makilomita 58 miliyoni. Galimoto ija yofuna zaka 171 kuti ikafike kudzuwa, kumeneko ingafike pa nyenyezi m'zaka 9. Kuti isagwere m'moto, pulanetiyo imathamanga makilomita oposa 130 pa sekondi, pamene dziko lathu limayenda 30.

Kutentha kwake ndi madigiri pafupifupi 1,000. Mumzinda wa Tete anthu amasowa pokhala akafika 40 ndi kupitirira. Mapoto a aluminiyamu amasungunuka pa 660. Kutentha kwa 1,000 ndi kwa m'kati mwa uvuni wa njerwa moto utakolera. Kulibe nthaka yoti munthu apondepo, ndi mpweya wokhawokha umene umanka nulemera ukamatsika pansi. Akatswiri amakhulupiriranso kuti pulanetiyo imalozetsa nkhope imodzi yokha ku nyenyezi yake, monga mwezi umachitira ndi dziko lathu. Ngati zili choncho, mbali imodzi ndi masana osatha, mbali inayo usiku wosatha, ndipo pakati pake pamawomba mphepo yoopsa. Mu 2017 gulu lina, pogwiritsa ntchito telesikopu yaikulu ya ku Chile, linapeza chizindikiro cha nthunzi ya madzi mumpweya wake. Koma wina asaganize za mitsinje ndi madimba, ndi nthunzi ya m'ng'anjo. Kuyeza komweko kunatsimikiza kuti kulemera kwake ndi pafupifupi theka la Júpiter.

Funso limene linazunguza akatswiri mitu ndi lakuti chimphonachi chinafika bwanji pamenepo. Nyenyezi ikamabadwa imazunguliridwa ndi chimbale cha mpweya ndi fumbi, ndipo mapulaneti amaumbika kuchokera m'menemo. Kuti chimphona chiumbike pamafunika madzi oundana ambiri oyambira phata lake, ndipo madzi oundana amapezeka kutali kozizira. Pafupi ndi nyenyezi zipangizo zake palibe. Mu 1996 a Douglas Lin ndi anzawo awiri anapereka yankho limene ambiri amalitsata: chimphonacho chinabadwira kutali, koma chimbale champweya chija chinkachikoka pang'onopang'ono, bwalo lake n'kumachepa, mpaka chinakaima pakhomo penipeni pa nyenyezi. Kunena mwachidule, chinasamuka. Ena amati nthawi zina zimphona ziwiri zimakankhana, china n'kuponyedwa m'kati.

Apa ndi pamene nkhaniyi imakhudza dziko lathu. Asanapeze 51 Pegasi b, anthu ankaganiza kuti pulaneti imakhala pamene inabadwira mpaka kalekale. Tsopano zinadziwika kuti zimphona zimayenda, ndipo chimphona chikamadutsa, timaiko tating'ono ta m'njira yake tikhoza kumwazidwa kapena kulephera n'kuumbika komwe. Júpiter akanayenda ulendo wotere mpaka pafupi ndi dzuwa, akanadutsa pamene pali dziko lathu. Chifukwa chimene sanachitire zimenezo akatswiri akukambiranabe, ndipo ena amaloza Saturno kuti ndiye anamugwira.

Pali chinthu china chofunika kuchenjera nacho. M'zaka zoyambirira, zimphona zotentha zotere zinkapezeka motsatizana, moti munthu akanaganiza kuti thambo ladzaza nazo. Si choncho. Zinkapezeka msanga chifukwa ndi zimene zimagwedeza nyenyezi kwambiri komanso mobwerezabwereza. Ng'ombe ndi imene imayamba kuoneka kudambo, ngakhale nkhuku zili zambiri kuposa ng'ombe. Kuwerengera kwa pambuyo pake kunaonetsa kuti pa nyenyezi 100 zonga dzuwa, ndi imodzi yokha, mwinanso osakwana, imene ili ndi chimphona chotentha chotere. Telesikopu ya Kepler, imene bungwe la NASA linaitumiza kuthambo mu 2009 n'kugwira ntchito mpaka 2018, inatsata nyenyezi zoposa 150,000 kufuna timadamsana tija, ndipo inapeza kuti ochuluka ndi mapulaneti apakatikati, oposa dziko lathu koma osafika pa Neptuno. Mtundu umenewo kuno kwa dzuwa lathu kulibe ndi umodzi womwe. Mu Março 2022 chiwerengero cha mapulaneti otsimikizika a nyenyezi zina chinakwana 5,000, ndipo mu Setembro 2025 chinakwana 6,000.

Mu Outubro 2019 a Mayor ndi a Queloz analandira mphoto ya Nobel ya sayansi ya fizikisi, theka lina la mphothoyo n'kupita kwa a James Peebles pa ntchito ina yokhudza chiyambi cha thambo. Atolankhani atawafunsa a Mayor ngati anthu adzasamukire ku maiko amenewa dziko lino likadzawonongeka, iwo anakana poyera. Anati n'kutali kosafikika, ndipo chanzeru n'kusamala dziko limene tili naloli.

Hairu ndi Madalitso

Maina onga 51 Pegasi b ndi a m'kaundula, ovuta pakamwa. Mu 2015 bungwe la akatswiri a zakuthambo a dziko lonse, International Astronomical Union, linavomereza kuti pulanetiyi izitchedwanso Dimidium, mawu a Chilatini otanthauza theka, chifukwa cha kulemera kwake kuja. Nyenyezi yake anaitcha Helvetios, pokumbukira mtundu wa anthu akale a ku Suíça.

Mu 2019, bungweli pokwanitsa zaka 100, linapatsa maiko oposa 100 nyenyezi imodziimodzi ndi pulaneti yake kuti aitche dzina. Moçambique anapatsidwa nyenyezi ya HD 7199 ya kumwera kwa thambo, imene kuwala kwake kumatenga zaka zoposa 100 kuti kufike kuno. Maina amene anasankhidwa ndi a Chimakua: nyenyeziyo ndi Emiw, ndipo pulaneti yake ndi Hairu, amene bungwelo linawamasulira kuti chikondi ndi umodzi. Hairu nayenso ndi chimphona champweya, chocheperako kwa Júpiter, ndipo chaka chake ndi masiku pafupifupi 615. Anansi athu a ku Zâmbia anatcha nyenyezi yawo Natasha, ndipo pulaneti yake anaipatsa dzina la Chinyanja lodziwika m'mudzi uliwonse kuno kumalire, Madalitso. Mapulaneti onse awiriwa anapezeka mwa njira yomwe ija ya kugwedezeka, pa chipangizo chotchedwa HARPS cha ku La Silla m'dziko la Chile, chimene gulu la a Mayor linakonza potsatira ELODIE.

Emiw ndi Natasha saoneka popanda makina. Koma 51 Pegasi imaoneka ndi maso, ngakhale movutikira, ndipo pa ichi anthu a kumudzi kopanda magetsi ali ndi mwayi kuposa a m'tauni. Nthawi yabwino ndi kumapeto kwa Outubro cha m'ma 9 koloko usiku, kapena pakati pa Novembro mdima utangokhwima, usiku wopanda mwezi, makamaka mvula yoyamba itatsuka utsi wa lupsa. Munthu ayang'ane kumpoto n'kukweza maso kupitirira pang'ono theka la thambo. Aona nyenyezi zinayi zowala zitaima ngati nsanamira za khola lalikulu la ngodya zinayi, m'kati mwake muli mbee. Chimenecho ndi chigawo cha Pégaso. Atenge nsanamira ziwiri za kumanzere, mbali ya kumadzulo: yapamwamba ndi Markab, yapansi ndi Scheat. Pakati pa ziwirizi, kunja pang'ono kwa kholalo, mpata wa chala chimodzi kapena ziwiri mkono utatambasulidwa, pali kanyenyezi kozilala. Maso akhale atazolowera mdima kwa kanthawi, tochi ndi foni zili zozimitsa, ndipo kamaoneka bwino munthu akayang'ana pambali pake pang'ono kusiyana ndi kukayang'ana mwachindunji.